Momwe mungatengere mphaka ku malo osamalira nyama ndi kumuzoloweza pakhomo

Makoswe akavuta m'nyumba, ambiri a ife kuno ku Mzuzu timangouza mnzathu kuti, "Mphaka wako akaswa undisungireko mmodzi." Kamphakako kamabwera m'thumba la saka kasanaleke n'komwe kuyamwa, ndipo sabata isanathe kafa kapena kasowa. Ine zinandichitikirapo kawiri ndikukhala ku Chibavi. Kachitatu ndinakatenga mphaka kwa anthu osamalira nyama zotayidwa, ndipo mpaka lero alipo, akugona pa mpando wa alendo ngati wolipira lendi.

Yambani ndi pakhomo panu

Musanaimbe foni kulikonse, khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu. Mphaka wosamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 15, ena kupitirira apo, choncho mwana wanu amene ali sitandade 1 adzafika folomu 4 mphakayo akadalipo. Ngati mukuchita lendi, auzeni alandilodi. Ngati pali wina pabanjapo amene amaona mphaka ngati chiweto cha afiti, kambiranani lero, chifukwa munthu wotere ndi amene amadzatsegula chitseko usiku n'kumuthamangitsa. Ganiziraninso za anapiye a aneba. M'makomboni ngati Mchengautuwa kapena Chiputula, kumene nyumba ndi zothithikana, mlandu wa mwanapiye mmodzi umatha kudanitsa mabanja.

Komwe mungamupeze

Bungwe lodziwika kwambiri ndi Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, lomwe anthu amangoti LSPCA, ndipo ku Blantyre kuli BSPCA. Mabungwewa amalandira agalu ndi amphaka otayidwa, kuwapatsa chithandizo, kenako n'kuwafunira mabanja. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M1 ndi makilomita oposa 300, ndiye musangonyamuka. Yambani mwawalembera kapena kuwaimbira, muwauze kuti mukukhala ku Mzuzu, mumve ngati angalole mphaka kupita kutali chotero. Funsaninso kwa madokotala a ziweto kuno kwathu, poti nthawi zambiri amadziwa munthu amene watola tiamphaka ndipo akutifunira pokhala.

Akakufunsani mafunso ambiri musakhumudwe. Adzafuna kudziwa ngati muli ndi galu, ngati pali ana aang'ono, ndiponso amene adzamudyetse inu mukapita kumudzi pa Khirisimasi. Pamakhalanso ndalama yoti mupereke. Imathandiza kubweza zomwe anawononga pa katemera ndi opareshoni yoletsa kubereka, ndipo mufunsiretu kuti ndi zingati komanso zomwe mphakayo walandira kale.

Kusankha

Kamphaka kasachoke kwa make kasanakwanitse masabata 8. Apa m'pamene tiwiri tanga tija ndinatilakwira. Mukafika, musathamangire kokongola ubweya. Yang'anani maso ngati alibe manthongo, mphuno ngati siikutuluka mamina, ndi kunsi kwa mchira ngati kulibe zizindikiro za kutsegula m'mimba. Mimba yotupa pa kamphaka kowonda kawirikawiri ndi njoka za m'mimba. Pakakhala malo ozungulira othothoka ubweya, mwina ndi chipere, ndipo chimapatsirana kwa ana.

Aliyense amafuna kakang'ono, koma ine ndimalangiza mphaka wamkulu kwa munthu amene amachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Khalidwe lake limakhala lodziwika kale, ndipo sakwera makatani. Ngati mtima uli pa tiana, tengani tiwiri ta mimba imodzi, tizisewera tokha. Musachoke opanda khadi lake la katemera.

Paulendo

Thumba la saka ayi. Pezani bokosi lonyamulira amphaka kapena basiketi ya chivindikiro yoti mpweya uzilowa, muyalemo kansalu, chivindikirocho mumange ndi chingwe. Asakwere ku buti ya basi pamodzi ndi matumba a mbatata. Ngati alipo mnzanu wa galimoto amene akubwera kumpoto, ndi bwino kupita ndi ameneyo. Adzalira, mwina kuchokera ku Mponela mpaka ku Kasungu, koma musatsegule basiketi poima pa Jenda kuti apume mphepo. Akadumpha pamenepo simudzamuonanso.

Masabata awiri oyamba

Gawo ili ndi limene anthu amalipeputsa, chonsecho amphaka ambiri amasowa nthawi imeneyi. Mphaka amagwira malo ndi fungo. Nyumba yanu kwa iye ndi thengo lachilendo, ndipo mukangomutula pabalaza zitseko zili pululu, adzatuluka kukafuna kumene wachokera.

Musankhireni chipinda chimodzi chotsekeka bwino, mazenera omwe. Ikanimo katoni yokhala ndi juzi yakale, mbale ya madzi, mbale ya chakudya, ndi beseni lathyathyathya la mchenga wouma pakona ina, kutali ndi chakudyacho. Kumuphunzitsa chimbudzi si ntchito: mukamuika pa mchengapo akangotha kudya, amayamba yekha kukumba. Muziwola zonyansa tsiku lililonse, n'kusamba m'manja ndi sopo. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi, chifukwa m'ndowe za mphaka mumatha kukhala tizilombo toopsa kwa mwana wosabadwa.

Akabisala kunsi kwa bedi masiku awiri kapena atatu, musamukoke. Lowani, khalani pansi, lankhulani naye motsitsa, muzipita. Ana auzeni kuti adikire abwere yekha. Wanga anatuluka tsiku lachinayi, usiku, n'kudzanunkhiza mapazi anga ngati akufunsa kuti kodi ndinu ndani.

Kuzizira kwa Mzuzu nakonso musakuiwale. Mu Juni ndi Julayi simenti imazizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo kamphaka kakang'ono sikapirira. Ikani katoniyo pa thabwa kapena pa mpando. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ndi yoopsa kwa iye monga ilili kwa munthu.

Akazolowera chipindacho, mutsegulireni nyumba yonse. Panja ayambe kutuluka patatha masabata awiri kapena kuposerapo, masana, asanadye, inu muli pomwepo. Mukagogoda mbale yake adzabwera. Kamphaka kosabayitsa katemera kadikire kaye m'nyumba.

Chakudya ndi zinthu zakupha

Pali chikhulupiriro chakuti mphaka ukamudyetsa sagwira makoswe. Si zoona. Wokhuta amasakabe, pomwe wanjala amangosamukira kwa aneba kumene akukazinga nsomba. Thupi lake limafuna nyama, ndiye nsima yokhayokha ndi msuzi siimukwanira. Usipa wa ku Nkhata Bay umene tigula mumsika waukulu ndi wabwino: uphikeni wopanda mchere, anyezi kapena adyo, chifukwa anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka. Dzira lophika ndi zam'kati za nkhuku zophika mungasinthanitseko, ndipo chakudya cha m'mapaketi chimapezeka m'masitolo akuluakulu ngati thumba likulola. Mkaka wa ng'ombe, ngakhale amaukonda, umatsegula m'mimba amphaka ambiri. Madzi oyera ndi okwanira.

Chotsani mankhwala onse a makoswe m'nyumba, popeza khoswe wodya poizoni amaphanso mphaka womudya. Akadwala musamupatse Panado. M'bulu umodzi wokha ungathe kumupha. Dibi kapena mankhwala a nthata a agalu nawonso musamuthire, chifukwa ena mwa iwo ndi poizoni kwa amphaka.

Kwa dokotala

Katemera wa chiwewe amabayidwa mphaka akakwanitsa miyezi 3, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse ndi 28 Seputembala, ndipo a zaulimi akalengeza katemera wa agalu m'dera lanu, funsani ngati mungapite ndi mphaka, ali m'basiketi yake. Pemphaninso mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nthata oyenera amphaka. Mphaka wosadziwika akaluma kapena kukanda munthu, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati kamphaka kanu kanabwera kasanachitidwe opareshoni yoletsa kubereka, panganani tsiku ndi dokotala kasanafike miyezi 6. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5, bere lake ndi la masabata 9 okha, ndipo pa chaka angathe kuswa kawiri kapena katatu. Wamwamuna akafulidwa amachepetsa kuyendayenda, ndewu za usiku padenga, ndi kukodzera makoma. Funsani dokotalayo kuti mphaka asiye kudya nthawi yanji usiku wa opareshoni, ndipo pobwerera kunyumba mumubwezere m'chipinda chija mpaka bala litapola.