Kalembedwe ndi Zizindikiro za Malamulo a SQL Olembera mu Kaundula wa Database

Database (nkhokwe ya deta pa kompyuta) iliyonse yoyendera SQL, chinenero cholembera malamulo opita ku database, imasunga kaundula wake, amene akatswiri amamutcha data dictionary, momwe mumalembedwa mayina a matebulo onse, makolamu ake, mtundu wa deta umene kolamu iliyonse imalandira komanso zoletsa zimene zaikidwa pa detayo. Munthu salemba m'kaundulayu mwachindunji, koma kudzera m'malamulo monga CREATE, ALTER ndi DROP, ndipo zimene walemba m'lamulolo, ngakhale kukula kwa chilembo chimodzi, zimatha kukhazikika m'kaundula n'kumavutitsa aliyense wogwiritsa ntchito tebulolo m'tsogolo. Chinenero cha SQL chinayambira ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1970 ndipo bungwe la miyezo la ku America la ANSI linachivomereza mu 1986, komabe mapulogalamu a database monga PostgreSQL, MySQL, Oracle ndi SQL Server amasiyana pa zizindikiro zina.

Lamulo limayamba ndi mneni, kenako mtundu wa chinthu chimene mukupanga, dzina lake, ndiyeno tsatanetsatane wake m'kati mwa mabulaketi:

CREATE TABLE ziweto (
    nambala INTEGER NOT NULL,
    mtundu VARCHAR(40) NOT NULL,
    kulemera DECIMAL(6,2),
    PRIMARY KEY (nambala)
);

Mipata yowonjezera ndi mizere yatsopano zilibe tanthauzo kwa kompyuta, moti lamulo lonseli likhoza kulembedwa pa mzere umodzi. Timaligawa chonchi kuti maso aone msanga pamene pasowa chizindikiro. Mawu a chinenerochi, monga CREATE ndi NOT NULL, amagwira ntchito kaya alembedwa ndi malembo aakulu kapena aang'ono.

Mpatuliro umalekanitsa makolamu, choncho umakhala pakati pawo basi. Mukausiya pambuyo pa mzere womaliza, bulaketi yotsekera isanabwere, lamulo lonse limakanidwa mu PostgreSQL, MySQL ndi Oracle, ndipo vutoli limabwera kawirikawiri munthu akafufuta kolamu yomaliza n'kuiwala mpatuliro wa mzere wa pamwamba pake. M'kati mwa tsatanetsatane wa kolamu imodzi simulowa mpatuliro: dzina, mtundu ndi NOT NULL (choletsa kusiya kolamuyo yopanda kanthu) zimalekanitsidwa ndi mipata yokha. Mu DECIMAL(6,2) mpatuliro ukulekanitsa manambala awiri osiyana, kutanthauza madijiti 6 onse pamodzi, awiri mwa iwo akubwera pambuyo pa kadontho, kotero nambala yaikulu kwambiri imene ingalowe ndi 9999.99. Kadontho kamagwiranso ntchito yosonyeza mwini wake wa chinthu, monga ziweto.mtundu, kutanthauza kolamu ya mtundu ya m'tebulo la ziweto.

Lamulo limatha ndi semikoloni (;), osati mpumiro. Mukaiwala chizindikirochi mu psql, pulogalamu yolemberamo malamulo ya PostgreSQL, palibe uthenga wa vuto umene umabwera. Pulogalamuyo imangodikira, ndipo poyambira mzere pamasintha kuchoka pa => kupita pa ->. Mukaona (> dziwani kuti pali bulaketi yosatsekedwa, ndipo mukaona '> ndiye kuti mtengero wina sunatsekedwe.

Pa mitengero ndi pamene pamafunika kusamala koposa, chifukwa ilipo mitundu iwiri yogwira ntchito zosiyana kotheratu. Mtengero umodziumodzi umakuta mawu amene ndi deta, monga 'mbuzi'. Mitengero iwiriiwiri imakuta dzina la chinthu cha m'kaundula, monga "ziweto". Mukalemba "mbuzi" mu PostgreSQL pamene mumafuna deta, kompyuta imakafufuza kolamu ya dzina limenelo n'kukuuzani kuti kulibe. MySQL imalola mitengero iwiriiwiri pa deta ngati chosankha chake chotchedwa ANSI_QUOTES sichinayatsidwe, ndipo pa mayina imagwiritsa ntchito kachizindikiro kopendekeka, monga `ziweto`, pamene SQL Server imalandiranso [ziweto]. Chizolowezi chotengedwa ku database imodzi chimatha kukugwetsani pa ina.

Wolemba deta ya Chichewa amakumana ndi vuto lina mofulumira, popeza nkhodolero ndi chizindikiro chomwecho chimene chimatseka mawu. Mukalemba 'ng'ombe', kompyuta imawerenga ng ngati deta yonse, kenako imasokonezeka ndi ombe ndi mtengero wotsalawo. Njira yovomerezeka ndiyo kulemba nkhodoleroyo kawiri, 'ng''ombe', ndipo chimene chimasungidwa ndi ng'ombe yokhala ndi nkhodolero imodzi. Onetsetsani kuti mwadina batani la mtengero umodzi kawiri, osati batani la mitengero iwiri, ndipo musalembere malamulo m'pulogalamu yolembera makalata, chifukwa imakonda kusintha mitengero yowongoka kukhala yopindika imene database siizindikira.

Mu Oracle ndi PostgreSQL, dzina losakutidwa ndi mitengero limasinthidwa lisanalowe m'kaundula. Oracle imalisandutsa malembo aakulu, monga momwe muyezo wa SQL umanenera, pamene PostgreSQL imalisandutsa malembo aang'ono. Dzina lokutidwa limasungidwa ndendende mmene mwalilembera, choncho mukapanga tebulo lotchedwa "Ziweto" mu PostgreSQL, lamulo lililonse lam'tsogolo liyenera kulikutanso, apo ayi mudzauzidwa kuti tebulo la ziweto kulibe. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kusakuta mayina n'komwe: gwiritsani ntchito malembo aang'ono, manambala ndi kamzere kapansi, monga tsiku_lobadwa, yambani ndi chilembo, ndipo pewani mawu osungidwa monga ORDER ndi GROUP. Utali nawonso uli ndi malire. MySQL imalola zilembo 64, Oracle imalola mabaiti 128 (chilembo wamba ndi baiti imodzi) kuyambira pa mtundu wake wa 12.2 pamene kale inkalola 30, ndipo PostgreSQL imadula dzina pa mabaiti 63 m'malo molikana.

Ndemanga za m'lamulo zimayamba ndi -- mpaka kumapeto kwa mzere, kapena zimakhala pakati pa /* ndi */, ndipo mu MySQL timizere tiwirito tiyenera kutsatidwa ndi mpata. Ndemanga zoterezi m'lamulo lopangira tebulo sizikhala tanthauzo la kolamu m'kaundula. Ngati mukufuna kuti tanthauzolo lisungidwe, mu PostgreSQL ndi Oracle lembani chonchi:

COMMENT ON COLUMN ziweto.kulemera IS 'Kulemera kwa chiweto m''makilogalamu';

Powerenga mabuku ofotokoza malamulowa, kumbukirani kuti zizindikiro zina ndi za wowerenga yekha. Mu DROP TABLE [ IF EXISTS ] dzina [, ...] mabulaketi amakona akutanthauza kuti gawolo mukhoza kulisiya, timadontho titatu tikutanthauza kuti mukhoza kubwereza, ndipo mukakumana ndi mzere woima | musankhe chimodzi mwa zimene waulekanitsa. Zimenezi sizitaipidwa, koma mabulaketi ozungulira amataipidwa.

Lamulo likadutsa, funsani kaundula kuti muone chimene chalembedwa. Mu PostgreSQL, MySQL ndi SQL Server lembani SELECT column_name, data_type FROM information_schema.columns WHERE table_name = 'ziweto'; ndipo apa dzina la tebulo lili mu mtengero umodziumodzi chifukwa tsopano ndi deta ya m'kaundula. Oracle ilibe information_schema, choncho funsani USER_TAB_COLUMNS ndipo mulembe 'ZIWETO' ndi malembo aakulu, chifukwa 'ziweto' sibweza mzere uliwonse ngakhale tebulolo lilipo.