Momwe koleji ya nthawi ya atsamunda inkapezera digiri yolemekezeka kunja

Koleji yatsopano m'dziko lolamulidwa ndi Britain inkatha kumanga nyumba zokongola ndi kulemba aphunzitsi odziwa ntchito, koma pepala lake n'kumakanidwa munthu akangodutsa malire. Yaba Higher College ya ku Nigeria, yomwe inatsegulidwa mu 1934, inkaphunzitsa zachipatala, koma omaliza maphunziro ankatengedwa ngati othandizira madokotala, ndipo dipuloma yawo inkagwira ntchito mu Nigeria mokha. Tiyerekeze kuti ndinu mkulu wa koleji yotere. Muyambira pati?

Njira yakale kwambiri ndi kupempha chikalata cha mfumu ya ku Britain. Pempho limadzera kwa bwanamkubwa, iye n'kulitumiza ku London. Yunivesite ya Sydney, yomwe inakhazikitsidwa mu 1850, inalandira chikalata cha Mfumukazi Victoria mu 1858, chonena kuti madigiri ake alemekezedwe mofanana ndi a mayunivesite a ku United Kingdom. Ya Cape of Good Hope inalandira chake mu 1877. Koma chikalata chimangopereka ulemu. Bungwe la madokotala kapena la maloya limakhalabe ndi malamulo akeake olembetsera anthu. Njira ina ndi kutsamira pa yunivesite imodzi yakale, monga inachitira Fourah Bay ya ku Sierra Leone, yomwe inayamba kupereka madigiri a Yunivesite ya Durham ya ku England kuchokera pa mgwirizano wa 1876.

Njira imene inakhudza kwathu kuno inabwera ndi lipoti la mu 1945 la komiti ya Asquith, yomwe boma la Britain linaituma kuunika maphunziro apamwamba m'maiko amene linkalamulira. Lipotilo linati koleji isathamangire kupereka digiri yakeyake, iyambe yachita ubale wapadera ndi Yunivesite ya London, ophunzira ake azilandira digiri ya London yeniyeni. Makoleji a Ibadan ku Nigeria, Gold Coast (lero Ghana) ndi West Indies anayamba motero mu 1948, Makerere ya ku Uganda mu 1949. Koleji ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ku Salisbury (lero Harare), inalandira chikalata chake mu 1955 ndipo inayamba kuphunzitsa ku Mount Pleasant mu 1957 ndi ophunzira 68.

Choyamba konzani khomo lolowera. London sikambirana nanu zambiri ngati olowa anu sakufika pa mlingo umene yavomereza. Ku Salisbury ankafuna Higher School Certificate kapena A-level, kutanthauza zaka ziwiri za Fomu 6 pamwamba pa School Certificate. Apa ndi pamene mtengo wa njirayi umaonekera: ku Nyasaland masekondale anali owerengeka, ndiye olowa kuchokera kuno anali ochepa. Musanavomere mlingo wotere, werengani masukulu amene ali ndi Fomu 6, chifukwa mutha kumanga malo ogona ophunzira n'kusowa wogonamo.

Kenako silabasi. Aphunzitsi anu ali ndi ufulu wopempha kuti maphunziro a London asinthidwe kuti agwirizane ndi dziko lanu, monga kuikamo mbiri ya Africa kapena zomera za m'deralo. Pempholo limapita ku komiti ya ku London, ndipo musayambe kuphunzitsa zosinthazo isanavomere. Kusintha zitsanzo n'kosavuta. Kusintha kamangidwe ka digiri yonse n'kumene kumavuta.

Mtima wa nkhani yonse uli pa mayeso. Phunziro lililonse limakhala ndi oyesa a mbali ziwiri, a pakoleji panu ndi a ku London. Aphunzitsi anu amalemba mafunso, amawatumiza ku London kuti akaunikidwe, ena asinthidwe, kenako avomerezedwe. Ophunzira akalemba, aphunzitsi anu amayamba kuchonga, mapepala n'kupita ku London kuti akachongedwenso, ndipo mawu omaliza pa malikisi ndi pa gulu la digiri amakhala a London. Zimatenga nthawi, choncho mafunso akonzedwe kudakali miyezi. Aphunzitsi ena zimawawawa kuti mnzawo wa kutali aziwakonza, komatu ndi chongachonga ameneyu amene amachititsa wolemba ntchito ku Lagos kapena ku Manchester kukhulupirira pepalalo osafunsa zambiri.

Alendo oyendera koleji muwayembekezere. Bungwe la Inter-University Council, lomwe linapangidwa mu 1946, linkathandiza kupeza aphunzitsi ndi kutumiza akatswiri odzaona laibulale, malabotale ndi kaphunzitsidwe.

Zachipatala zili ndi msampha wakewake, chifukwa oyendera amaona chipatala chophunzitsira, osati kalasi yokha. Ku Ibadan chipatala cha Adeoyo sichinafike pa mlingo wofunika, ndiye ophunzira ankakamalizira maphunziro a m'mawodi ku Britain mpaka University College Hospital itatsegulidwa mu 1957. Salisbury inamangiriza sukulu yake ya madokotala ku Yunivesite ya Birmingham ya ku England mu 1963. Ndalama za chipatala muziwerengere limodzi ndi za sukuluyo kuyambira pachiyambi.

Ubalewu unapangidwa kuti udzathe. Koleji ya Khartoum ku Sudan, yomwe nayonso inali pa ubalewu, inaima payokha mu 1956, Ghana mu 1961, Ibadan ndi West Indies mu 1962, ndipo Makerere inalowa mu Yunivesite ya East Africa mu 1963. Ku Salisbury ubale ndi London unatha cha mu 1970, boma la Ian Smith litadzitengera ufulu mu 1965. Posiyana, ophunzira amene analembetsa kale digiri ya London aloleni amalize yomweyo, ndipo oyesa ochokera ku mayunivesite ena musawasiye.

Mayunivesite a Zambia ndi Malawi sanadzere njira ya London. Lipoti la komiti ya Lockwood la 1963 linalangiza kuti Yunivesite ya Zambia izipereka madigiri akeake ndi kulandira ophunzira a O-level. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, nayonso ndi madigiri akeake, khomo lake lili pa School Certificate ndipo maphunziro a digiri akutenga zaka zinayi.