Mphumu ya Kumtundu: Funsani Makolo Musanapite Kuchipatala

Mwana akamatsokomola usiku uliwonse, kupuma mobanika, m'chifuwa mukulira ngati likhweru, dokotala amafunsa kuti, "Kodi kwanu alipo wina amene amadwala mphumu?" Makolo ambiri amangoti ayi, chonsecho agogo a mwanayo ankagona chokhala kukazizira, kungoti panalibe amene anatchulapo dzina la matendawo. Funso limeneli musamaliyankhe mothamanga. Mbiri ya banja lanu dokotala alibe kwina koitenga.

Zoti mphumu imayenda m'magazi sizokayikitsa. Mapasa ofanana nkhope, amene majini awo (tizinthu ta m'maselo a thupi timene mwana amatengera kwa makolo ake) ndi amodzi, amakonda kudwalira limodzi kuposa mapasa osafanana. Pachilumba cha Tristan da Cunha, pakati pa nyanja ya Atlantic, pamakhala anthu osakwana 300 ochokera kwa makolo ochepa kwambiri, ndipo mphumu ndi yofala kumeneko modabwitsa. Koma palibe jini imodzi yotchedwa "ya mphumu". Ndi majini ambiri, iliyonse ikuwonjezera kachiwopsezo kake kakang'ono.

Mu 2007, akatswiri atapima ana a ku Britain ndi Germany anapeza malo ena pa chromosome 17 (ma chromosome ndi timaulusi ta m'maselo timene timanyamula majini), pafupi ndi jini ya ORMDL3, amene amagwirizana ndi mphumu yoyamba paubwana. Mu 2010 gulu la ofufuza lotchedwa GABRIEL, litayeza odwala oposa 10,000, linawonjezera majini ena monga IL33. Vuto ndi loti pafupifupi onse amene anayezedwa anali a makolo a ku Ulaya. Mu 2011 gulu lina la ofufuza lotchedwa EVE ku America litaphatikiza anthu a mitundu ingapo, linapeza jini ya PYHIN1 imene inaoneka mwa anthu a makolo a ku Africa okha. Ndipo zizindikiro za pa chromosome 17 zija sizilosera mofanana mwa anthu a makolo a ku Africa monga zimachitira mwa azungu. Chomwechonso ndi jini ya filaggrin, imene ikawonongeka khungu limatuluka zidzolo zoyabwa zosatherapo ndipo mphumu imatsatira: mitundu ya kuwonongeka kwake yofala ku Ulaya ndi yosiyana ndi ya ku Asia, ndipo sipezeka kawirikawiri mwa anthu akuda. Choncho wina akakutsatsani zopima malovu kuti mudziwe ngati mwana wanu adzadwala mphumu, sungani ndalama zanu. Palibe chopimira chimene chingakuuzeni zimenezo motsimikiza, makamaka ngati makolo anu ndi a mtundu umene sunafufuzidwe mokwanira.

Dzina la mtundu nalonso limapusitsa. Ku America anthu a ku Puerto Rico ndi a ku Mexico amaikidwa m'gulu limodzi poti onse amalankhula Chisipanishi, koma a ku Puerto Rico ali m'gulu la odwala mphumu kwambiri m'dzikolo pomwe a ku Mexico ali m'gulu la odwala pang'ono. Kafukufuku wasonyezanso kuti mankhwala otsegula chifuwa a salbutamol sathandiza ana a ku Puerto Rico mofanana ndi anzawo a ku Mexico.

Chitsanzo chimene ine chimandigwira mtima ndi cha 2016. Aamish a ku Indiana ndi Ahutterite a ku South Dakota, magulu awiri achipembedzo a ku America, makolo awo anachokera m'madera oyandikana a ku Ulaya, majini awo ndi ofanana kwambiri, onse ndi alimi. Koma mwa ana a Aamish, pafupifupi 5 pa 100 anali ndi mphumu, pomwe mwa ana a Ahutterite anali 21 pa 100. Aamish amalima ndi akavalo, makola ali pafupi ndi nyumba, ana amakulira pakati pa ziweto. Ahutterite ali ndi minda ikuluikulu ya makina, kutali ndi nyumba. Magazi amodzi, kakulidwe kosiyana, mphumu yosiyana kanayi.

Tsono muchite chiyani? Khalani pansi ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi. Musafunse za mphumu yokha. Funsani amene ankabanika akathamanga, amene ankayetsemula ndi kutuluka misozi maluwa akamachita, amene anali ndi zidzolo zoyabwa m'mapindiro a mikono ali khanda. Matenda atatuwa amayendera limodzi. Lembani papepala, mupite nalo kuchipatala.

Ngati mbiriyo ilipo, utsi wa fodya usalowe m'nyumba, kuyambira mayi ali woyembekezera. Kafukufuku wa 2008 anasonyeza kuti majini a pa chromosome 17 aja amakhala owopsa kwambiri kwa mwana amene wapuma utsi wa fodya ali wamng'ono. Utsi wa pamoto nawonso muupatse potulukira, ndipo nkhungu za m'makoma muzichotsa. Khanda likamalira m'chifuwa nthawi iliyonse likagwidwa chimfine, lembani masiku ake.

Mukapatsidwa mankhwala opopera mkamwa, dziwani kuti alipo a mitundu iwiri: otsegula chifuwa pamene munthu wabanika, ndi oteteza, monga beclometasone, ofunika kupopera tsiku lililonse ngakhale mwana akusewera bwinobwino. Ngati otsegula aja akufunika kangapo pa sabata, kapena sakugwira monga kale, musangowonjezera kupopera. Bwererani kwa dokotala, kachipangizoko kali m'manja, akaone mmene mwanayo amapopera.