Kugona pa B&B kumapiri a ku Scotland

Ndikapita cha ku tauni ya Fort William kapena ya Oban sindigona ku hotela, ndimafuna B&B. Imeneyi ndi nyumba ya munthu yokhala ndi zipinda zochepa za alendo, ndipo mtengo wake umaphatikiza kadzutsa.

Ngati ulendo ndi wa mu Julaye kapena Ogasiti, sungitsani malo kudakali miyezi ingapo, apo ayi muzingoona zikwangwani za "No Vacancies", kutanthauza kuti malo adzaza, pawindo lililonse. Funsaninso ngati chipinda chili ndi bafa lakelake, chifukwa kwina mumagawana ndi alendo ena.

Nenani nthawi yomwe mufike, ndipo mukachedwa imbani foni. Pamalo otere palibe mlonda wapageti. Ine ndinafikapo 10 koloko usiku osanena, mayi mwini nyumba anatsegula chitseko atavala zogonera, kiyi ali m'manja, osalankhula zambiri. Manyazi ake sindidzaiwala. Nsapato zamatope muzivulira pakhomo.

Kadzutsa ali ndi nthawi yake, kawirikawiri cha m'ma 8, ndipo ena amakupatsani kapepala madzulo kuti musankhiretu. Werengani bwino. Kabulungu kakuda kaja, black pudding, amapanga ndi magazi, nthawi zambiri a nkhumba, ndiye ngati simudya nenani poyera. Phala la oats ndiye musalisiye, limagwira m'mimba mpaka masana ngati mukukwera phiri la Ben Nevis.

M'chilimwe chakumeneko tsekani windo dzuwa likamalowa. Kuli timidge, tizilombo tochepa kuposa udzudzu, koma timaluma mopanda chisoni.