Kukonzekeretsa wachinyamata kudzatsogolera mpingo

Mukaona wachinyamata amene amalawirira kudzasesa m'tchalitchi popanda womutuma, ameneyo ndiye mumutenge. Musathamangire wodziwa kulankhula.

Ine ndimayamba ndi kuyenda naye. Popita kukazonda odwala kapena kumaliro ndimati, "Tiye, undinyamulire Baibulo." Kumeneko ntchito yake ndi kuona basi: momwe ndimakhalira pamphasa, momwe ndimapepesera anamfedwa, pomwe ndimakhala chete. Pobwerera ndimamufunsa zomwe waona.

Akazolowera, mpatseni pemphero lotsegulira kumlaga (mapemphero a kagulu ka akhristu a dera limodzi), kenaka aziwerenga mawu. Ulaliki usafulumire. Akasokoneza vesi musamudzudzule pagulu, dikirani mukhale awiri panjira.

Koma chopereka asamawerenge yekha, ngakhale mumamukhulupirira chotani. Aziwerenga ndi madikoni awiri, n'kulemba m'buku pomwepo onse akuona.