Khoko la chipolopolo liyezeni kaye musanalidzadzenso

Akuluakulu a mfuti za laisensi kuno ku Blantyre, inu amene mumatola makoko mukawomba nkumawadzadzanso, lero tikambe za veniya, kachipangizo ka mano awiri koyezera kutalika kwa zinthu mosaphonya. Koma kaye kafunseni kupolisi ngati pepala lanu likulola zimenezi, nkhani ya zida boma silinyengerera.

Khoko lija ndi la brass, ndiye mukawomba limafufuma mu chemba, malo amene chipolopolo chimakhala mu mfuti, nkutalika pang'ono pang'ono, ndi maso simungaone olo mutavala magalasi. Khoko la chipolopolo cha mtundu wa .308 Winchester lisapitirire mainchesi 2.015, kapena kuti 51.18 mm, likafika apo lidulidwe libwerere pa 2.005. Mukalisiya, kukamwa kwake kumakapanikizika kutsogolo kwa chemba nkufinya chipolopolo, pulesha imakwera ndipo nkhope yanu ili pompo pa mfutipo.

Pomwe ambiri timagwa mpa headspace, mpata wochokera pa nkhope ya bolt, chitsulo chotseka chemba kumbuyo, kufika pamene khoko limatsamira. La .308 limatsamira paphewa, paja limayamba kuchepa chakukamwa, la .303 British limatsamira pa kamkombero ka kutsinde, ndipo ma Lee-Enfield akale aja, mfuti zowomba .303, ambiri chemba yake ndi yotakasuka, ndiye munthu akamakankha phewa mpaka pansi ndi dayi, chitsulo chofinyira khoko kuti libwerere mu saizi, ulendo uliwonse khokolo limangokokeka, kubwezedwa, kukokekanso, mpaka tsiku lina liduka pafupi ndi tsinde, gasi wamoto nkutulukira kumbuyo. Yezani khoko lomwe lawombedwa mu mfuti yanuyo ndi comparator, kachitsulo komangirira pa veniya koyezera kuchokera kutsinde kufika paphewa, lembani nambala mu kope, phewa mubweze 0.002 inchi basi. Ndi 0.05 mm imeneyo, ngati tsitsi limodzi.

Pofuna kudziwa ngati khoko latsala pang'ono kuduka, ine ndimakonda kawaya ka pepakilipi. Kawongoleni, kupinda kunsonga pang'ono, nkukalowetsa mkati mwa khoko mukukanda khoma chakutsinde. Kakakodwa pa kamzere, kapena kunja mukaona kamkombero kowala, khokolo liphwanyeni ndi pulayala mulitaye, musati ah lipitenso kamodzi chifukwa makoko ndi odula.

Veniya ya dijito yotchipa ija ya mmashopu a ku Limbe imagwira ntchito ndithu, bola muzipukuta mano ake nkuyibweza pa ziro musanayambe, fumbi la Okutobala limanamiza, batile ikafooka nayo manambala amavina. Ndipo bolt ikatsekeka pa geji ya NO-GO, kachitsulo kolowetsa mu chemba koonetsa ngati headspace yakula, mfutiyo ikaonedwe kaye ndi katswiri wokonza mfuti musanawombenso.