Musanagule pufferfish werengani izi kaye

Anzanga osunga nsomba m'nyumba kuno ku Zomba, ndikuuzeniko za pufferfish, kansomba kaja kamadzitupitsa ngati mpira kakaopsezedwa. Kankhope nkokongola, maso amayenda lililonse palokha ngati a bilimankhwe, koma nkhanza zake eee. Ine ndinaika pea puffer, kaja kochokera ku Kerala ku India kosakula kwenikweni kupitirira masentimita 3, pamodzi ndi ma guppy anga, tinsomba tating'ono ta michira yokongola, pofika mmawa michira yonse ili zidutswazidutswa ngati chitenje chodyedwa ndi makoswe, mtima unandiwawa zedi.

Nde isungeni yokha basi. Mukafunitsitsa kuipezera pea puffer anzake yesani tinsomba tofatsa totchedwa otocinclus kapena kuhli loach ndipo mudzalemo zomera zambiri zoti azibisalamo, komabe muziyang'anitsitsa tsiku ndi tsiku. Mbuna zathu za m'nyanja ya Malawi ayi, nazonso ndewu sizichedwa. Funsaninso dzina lenileni musanalipire chifukwa mbu puffer ya mumtsinje wa Congo imatha kupitirira masentimita 60, kathanki ka pabalaza sikangakwane, pomwe mtundu wina wotchedwa green spotted puffer ukakula umafuna madzi amchere.

Pa chakudya nkhono zisasowe, mitundu yambiri mano sasiya kukula nde zigobazo zimawaperesa. Koma chonde osakatola nkhono ku Chilwa kapena mumtsinje wa Likangala, mungatengeko likodzo, wetani zanu m'kachidebe. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno mukukudziwa nokha, heater ikhalepo kuti madzi asatsike pansi pa madigiri 24, magetsi akathima ine ndimangofunditsa thanki bulangete.